Mfuti Imene Ndinasankhira Zaina

Ine, Sabiti Jimu, wa zaka 47, wa m'mudzi mwa Mpalasa, mfumu yaikulu Kalembo, boma la Balaka, wokonza njinga za akabaza pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Balaka, ndabwera ndekha osachita kugwidwa, ndipo zimene ndinene pano ndikuzinena mutu wanga uli bwinobwino.

Nkhani ndi ya mfuti ya mpweya imene inavulaza mayi Maness Feston pa doko la Chikwesya, ku nyanja ya Chiuta, Loweruka lapitali. Mfutiyo ndinagula ndine. Ndinagulira mwana wanga Zaina, wa zaka 11, amene mwamulemba kale kuti ndiye anawombera. Ndiyambira kumene zinayambira, bwana, ndipo musandifulumizitse, chifukwa mukandidula pakati simumvetsa.

Zaina ndi mwana yekhayo amene ndili naye. Mayi ake ndi Mwanaidi Umar a m'mudzi mwa Chikwesya, kwa Kawinga. Ndinakwatira kumeneko, n'kumanga nyumba kumeneko monga mkamwini. Kenako ndinapita ku Joni kukagwira ntchito pa famu ya ng'ombe. Pobwera ndinapeza pakhonde la nyumba ija pali nsapato za mwamuna wina. Ankhoswe anakhala pansi, ukwati unatha, ine n'kunyamula bulangete ndi chikwama cha masipanala. Mwana anatsala, pakuti kumeneko mwana ndi wa kuchikazi, ndipo womulamulira ndi mjomba wake, Che Usumani Umar, mlongo wa Mwanaidi, amene ndi msodzi.

Ku Balaka ndimakhala ndekha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo. Amayi anamwalira ndili ku Joni, alongo anga anasamukira ku Mozambiki. Ndimaphika ndekha, ndimadya ndekha, ndikadwala madzi ndimakatunga ndekha. Sindikudandaula ayi. Ndikungofuna mudziwe kuti Loweruka la kumapeto kwa mwezi, limene Che Usumani anandilola kuti ndizikaona mwana, ndilo tsiku lokhalo limene ine ndimalidikira.

Pabwalo la nyumba ija sindikhalapo, pali mwini wake watsopano. Zaina amandichingamira pamsewu, pomwe njinga zamoto zochokera ku Ntaja zimatsitsira anthu, n'kukakhala tonse pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa dambo. Miyezi yoyamba inali yowawa. Mwanayo ndinamusiya akukwawa, ndiye sankandidziwa. Ndinkamupatsa mabanzi ndi sopo, iye n'kugwada, n'kuthokoza, n'kukakhala patali. Tinkangokhala duu ngati anthu osadziwana odikira minibasi imodzi. Ndikamufunsa za kusukulu ankati, "Kuli bwino." Ndikamufunsa za kumadarasa, "Kuli bwino." Dzuwa likapendeka ndinkabwerera mtima uli wolemera kuposa pobwera.

Tsiku lina akhwangwala anatera pa thandala la mjomba wake, pomwe amayanika matemba. Zaina anasolola legeni m'chiuno, n'kuponya kamodzi kokha, khwangwala uyo nthenga mbwee, kuthawa akulira. Ndinati, "Iwe, wakuphunzitsa ndani?" Anati, "Ndekha." Ndiye ndinamufotokozera kuti ku famu kuja bwana anandipatsa mfuti ya mpweya yothamangitsira nkhunda mosungira chakudya cha ng'ombe, ndipo anandiphunzitsa kagwiridwe kake. Aaa, mwana uja pakamwa panatseguka! Imalira bwanji? Imalemera? Mtsikana angaigwire? Tsiku limenelo anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo potsanzikana anati, "Ababa, mudzabwere nayo." Aka kanali koyamba kunditchula choncho popanda mayi ake kumukankha.

Sindinathamangire kugula. Mfuti ndi mfuti, ngakhale ya mpweya, ndipo ndinkadziwa kuti ya munthu wamkulu singayenere mwana. Ulendo wotsatira ndinadula bango, n'kumuyeza mkono kuchokera pachigongono mpaka pachala cholozera. Ndinamunyamulitsanso njerwa mkono utatambasuka kuti ndione mphamvu zake. Anaseka nati ababa apenga. Ndinawauza mayi ake za maganizo angawo, iwo anati bola asamajombe kusukulu. Che Usumani sindinawauze. Anali panyanja tsiku limenelo, ndipo ine ndinkaganiza kuti mawu a mayi wobereka ndi okwanira.

Ku Balaka kuli shopu ina ya munthu wobweretsa katundu kuchokera ku Joni. Anali nazo zitatu. Anayamba kundionetsa yaikulu, yakuda, ya galasi loyang'anira pamwamba, akuti imagwetsa ngakhale nyani. Ndinati ine sindikufuna kugwetsa nyani, ndili ndi mwana. Ndinaika bango langa pa thabwa lake loika paphewa, bango linachepa kutalitali, ndipo kuti uipinde umafunika bondo ndi manja onse awiri. Yachiwiri inali yaifupi, yogwira ndi dzanja limodzi, yofanana ndi zanu za apolisi. Imeneyo ndinaikana ndisanaigwire n'komwe. Kanthu kafupi kotero, mwana akangotembenuka kuti ayankhe moni, kukamwa kwake kwaloza munthu. Komanso imafuna timabotolo ta gasi, ndiye kwa Kawinga ungatipeze kuti? Wogulitsayo anati, "Madala, mukuvuta ngati mukusankha mkazi." Ndinati, "Mkazi ndinasankha mofulumira, si uyu ndili pano."

Yachitatu inali pansi pa shelefu, yaing'ono, ili fumbi lokhalokha. Ndi yopinda pakati: umaipinda, n'kuikamo kachipolopolo kamodzi ka mtovu, n'kuiwongola. Kamodzi basi. Ukawombera yatha, uyenera kuyambanso. Ili ndi kabatani kamene kamadzitseka kokha ukangoipinda, moti singalire usanakatsegule dala. Bango linakwanira ndendende. Ndinayesa kuipinda ndi dzanja lamanzere lokha, inalola. Mphamvu yake ndi yoboola katoni kapena chitini chapafupi, osati yopita kutali. Wogulitsayo anakwinya nkhope, akuti imeneyo ndi chidole. Ndinati chidolecho ndi chimene ndabwerera. Ndinatenga imeneyo, kachitini ka tizipolopolo take, ndi magalasi oyera aja amavala anthu opala zitsulo. Mapepala onse amene anandipatsa ndawasiya pa kauntala panu.

Ndisanapite nayo kwa mwana ndinakaiyesa ndekha pachulu china kunja kwa tauni, kuti ndione ngati imapita pomwe diso lafuna. Inkapendekera kumanzere pang'ono, ndinaikonza ndi sikuludiraiva.

Ulendo woyamba Zaina sanawombere n'komwe, ndipo anatupa masaya tsiku lonse. Ndinamuuza kuti aloweze kaye: kukamwa kwa mfuti kumayang'ana pansi nthawi zonse, kaya muli kanthu kaya mulibe. Chala sichikhala pokhethemulira mpaka diso litapeza chimene likufuna. Ukamupatsa mnzako, umupatse itapinda. Ndipo sitiwombera chitsulo, mwala kapena madzi, chifukwa mtovu umanjanja n'kupita komwe sunautume. Anazinena mpaka anatopa, nati kumadarasa kuli bwino kusiyana ndi ababa.

Tinasankha chulu chachikulu kuseri kwa mtengo wa mango, komwe kulibe njira ya anthu, n'kumaimika katoni patsogolo pake. Ulendo wachiwiri anaboola pakatikati pa kabwalo kamene ndinajambula ndi khala. Anafuna kudumpha, koma anayamba waipinda mfuti n'kuiika pansi, kenako ndiye anadumpha. Katoniyo ndinapita nayo, ili pakhoma kwanga mpaka lero. Nthawi ina mbuzi inatulukira cha kumbali, ine osaiona. Zaina anachotsa chala, n'kudikira mpaka mbuziyo itadutsa. Ndinanyada, bwana, lembani zimenezo. Mbalame sindinamulole, ndinati zimenezo ndi za chaka chamawa.

Tikamaliza ndinkaikulunga m'thumba la ufa n'kubwerera nayo ku Balaka. Mfuti sisiyidwa ndi mwana, chimenecho ndicho chifukwa chachikulu. Koma china sindibisa: ndinkadziwa kuti ikakhala ndi ine, Zaina aziima pamsewu paja kundidikira.

Mwezi wathawu Che Usumani anatipeza pachulu. Sanakhale pansi. Anati, "Che Sabiti, chinthuchi ndi cha mwana kapena ndi chanu?" Ndinati ndi cha mwana. Anati, "Nanga chinalowa bwanji m'mudzi muno ine osadziwa? Ndipo bwanji chimakagona ku Balaka? Anthu pa doko akundiseka kuti mkamwini wakale sakundikhulupirira. Kuno katundu wa mwana amasunga ndi mjomba wake. Mutamupatsa nkhuku, mungamabwerere nayo?" Ndinati, "Alamu, iyi si nkhuku." Anati, "Ulamu unatha. Chikapanda kugona kuno lero, mwezi wamawa musavutike ndi ulendo."

Ndinayang'ana Zaina, maso ake ali pansi. Ndinapsa mtima, koma ndinameza. Ndinaganiza kuti mfuti yopanda tizipolopolo ndi ndodo chabe. Ndiye ndinaipereka m'manja mwa Che Usumani, kachitini n'kuika m'thumba la jekete langa. Ndinawauza kuti aikweze kudenga, asaipinde, asaikemo kalikonse. Anati amva. Chimene sichinabwere m'mutu mwanga n'chakuti msodzi mtovu sagula m'shopu, ali nawo wambirimbiri womangirira kunsi kwa maukonde ake.

Loweruka lapitali ndinatsika njinga yamoto dzuwa litakwera pang'ono. Zaina anali pamsewu kale. Analandira jumbo ya mabanzi n'kuisenza pamutu. Tikuyenda, anandinong'oneza kuti mjomba akumadula mtovu wa ukonde ndi mpeni, n'kumaukhutiza pamwala kuti ukwane m'mfuti, akumawombera akhwangwala pa doko. Akuti iye anawauza kuti pa doko pali zitsulo ndi anthu, iwo n'kumukalipira kuti mwana wamkazi asawaphunzitse. Ndinafulumiza mwendo.

Titafika pomwe njira imakhotera ku doko, mtunda ngati bwalo limodzi la mpira, ndinaona ndi maso angawa Che Usumani ataima pafupi ndi bwato lawo, mfuti ili paphewa. Ankaloza khwangwala amene anatera pa mgolo wachitsulo wowambira nsomba. Kumbali kwa mgolowo kunali mayi wina atawerama, akusankha matemba m'dengu. Ndinakuwa kuti, "Iyayi! Iyayi!" Mphepo inkachokera kunyanja, kaya anamva kaya sanamve. Ndinamva kuti thaa, kenako ngwee pa mgolo, kenako mayi uja anakuwa n'kukhala pansi, manja ali kumaso. Nthawi imeneyo Zaina anali kumanzere kwanga, jumbo ili pamutu, dzanja limodzi atagwira jekete langa.

Tinathamanga. Pa doko panali anthu ochepa, chifukwa ambiri anali kumaliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo amene analipo ndi abale a Che Usumani okhaokha. Mayi wovulalayo ndi Maness Feston, wogula nsomba zokagulitsa ku Liwonde. Dzinalo ndinalimva pomwepo. Magazi ankatuluka m'diso lakumanja, kudutsa pakati pa zala. Ankangoti, "Chandilasa n'chiyani? Abale, chandilasa n'chiyani?" Sanaone amene anawombera. Wina anafuna kuwathira madzi a m'nyanja m'disomo, ndinamuletsa. Ndinavula malaya anga amkati n'kuwaphimba nawo, n'kutuma munthu kukaitana njinga yamoto yopita nawo kuchipatala. Ndamva kuti diso silinapulumuke.

Njinga itanyamuka, ndinaona mfuti ili pamchenga pafupi ndi mapazi a Zaina. Amene anaiika pamenepo sindinamuone.

Che Usumani anandikokera kuseri kwa mabwato, n'kuitananso Mwanaidi. Thukuta linali kamukamu. Anati, "Che Sabiti, zachitika. Tiyeni tiganize ngati akuluakulu. Ine akandimanga, mbumba yonseyi idya chiyani? Mwana samangidwa. Amulangiza pang'ono, basi, abwerera kunyumba. Mfuti ndi yake, aliyense akudziwa. Tinena kuti inamupulumuka." Ndinati, "Mwanayo anali ndi ine." Anati, "Ndi inu nokha amene munganene zimenezo. Mukagwirizana nafe, muzibwera Loweruka lililonse limene mwafuna, ndipo holide ikubwerayi mumutenge akakhale nanu ku Balaka. Mukanena zina, wallahi, ndalumbira, njira ya ku Chikwesya muiiwale. Ndimutumiza kwa mayi ake aang'ono kutsidya, ku Mozambiki, ndipo mudzi wake simudzaudziwa n'komwe." Mwanaidi ankangopotokola nsonga ya chitenje.

Sindinayankhe. Lembani kuti sindinayankhe, chifukwa ndi zoona. Holide ku Balaka! Ine amene sindinagonepo denga limodzi ndi mwana wanga chiyambire akukwawa. Ndinakwera minibasi ndikuganiza kale pomwe ndingayale mphasa yake, ndi kwa neba amene ndingabwereke mbale yachiwiri, pakuti yanga ndi imodzi. Ndinafika mpaka poganiza zomuonetsa sitima ikamalowa pa siteshoni. Ndinkalakalaka, bwana, ndipo ndinkachita manyazi ndi kulakalakako.

Masiku otsatirawo ntchito inandikanika. Ndinamanga masipoko a tayala la kabaza wina mopingasa, iye nati, "Madala, mwayamba kumwa?" Ndinalowa mumzikiti kukaswali, mawu osatuluka. Woti ndimufunse nzeru panalibe. Ndikanamuuza ndani, akabaza?

Dzulo wogulitsa nsomba wina wochokera ku Chiuta anaima pa shedi yanga kudzapopetsa tayala. Sankandidziwa. Anayamba kufotokozera akabaza nkhani ya kamtsikana koboola anthu maso. Akuti anzake akumuthawa kumadarasa. Akuti amayi ena aletsa ana awo kutunga naye madzi pamjigo. Akuti abale a mayi Maness anabwera kudzamuona nkhope, n'kumulavulira malovu pamapazi, iye ali chilili. Anaseka onse. Ine ndinamaliza kupopa, n'kutseka shedi dzuwa likanali pamutu.

Che Usumani akuti mwana samangidwa. Eya, mwina simumutsekera. Koma dzina limenelo adzakula nalo, adzakwatiwa nalo. Ndipo akapitiriza kunena pamaso pa apolisi, pamaso pa mafumu, pamaso pa mayi wa diso limodzi kuti "ndinawombera ndine," tsiku lina adzakhulupirira yekha. Asa! Zaka 11, kusenza mlandu wa munthu wa ndevu.

Kachitini ka tizipolopolo ndi aka, kakhala m'jekete langa chiyambire mwezi watha. Mufanizire ndi chimene madokotala achotsa m'disomo. Ta m'shopu tili ndi chiuno pakati, todulidwa pa ukonde tilibe. Mukayang'anenso kunsi kwa ukonde wobiriwira wa Che Usumani, ndi mwala umene uli pakhonde pawo. Za ine, ndinasiya mfuti m'manja mwa munthu wosaidziwa. Ngati lamulo lili ndi mawu pa zimenezo, ndili pano, sindithawa. Kwa mayi Maness ndikapepesa ndi pakamwa panga, akandilola kulowa.

Pobwera m'mawa uno ndapeza Zaina pa benchi panja apo, pakati pa mayi ake ndi mjomba wake, akudikira kuti muwaitanenso. Che Usumani andipatsa moni wa manja awiri, akumwetulira, poganiza kuti ndabwera kudzathira umboni wawo. Atapatuka kukayankha foni, Zaina anadzuka n'kudzagwada pafupi nane ngati akundipatsa moni. Anati motsitsa mawu, "Ababa, munene kuti ndine. Ine sizikundiwawa. Mukanena zoona simudzabweranso." Ndinamuuza kuti akakhale pa benchi.

Ndiye ndanena zimene mwana wanga wandipempha kuti ndisanene. Zaina Sabiti sanagwire mfuti tsiku limenelo. Anawombera ndi Usumani Umar, ine ndikuona. Ndikuopa, bwana, sindinama, ndipo mtima ukundiwawa. Ndawafunsa a sajeni ngati kuno kuli khomo lakuseri, akuti kulibe. Ndituluka pakhomo lomwelo, ndidutsa pa benchi pomwepo, ndipo iye andiyang'ana kumaso kuti adziwe.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera zonse, ndipo sindikuchotsapo mawu.

Wopereka umboni: Sabiti Jimu ______________________